Denga la kwa a Nampeya

Lameki mwana wanga,

Wapita ku Chitakale kukatsanzika amalume ako, ndiye ndati ndikhale pakhonde pano ndikulembere dzuwa likadalipo, maso angawa asanayambe kundinamiza. Ndikanatha kungokuuza pakamwa, koma iwe ndi ine tikayamba kuyankhula timangokhala ngati atambala awiri m'khola limodzi. Waona wekha dzulo. Kalatayi ndiiika pansi pa chigumu m'kathumba ka kamba wako. Ukaiwerenge ukafika kusukulu ya uphunzitsiko, uli wekha. Ukamaliza ukaitenthe. Wamva? Usakaiike m'buku ayi, ukaitenthe.

Dzulo unanditcha wamantha. Mawu amenewo ndagona nawo, ndadzuka nawo, ndapita nawo kutchalitchi, moti nyimbo lero ndimayimba ndi milomo yokha. Anandiwawa, Lameki, sindikubisira.

Nkhani yake ukuidziwa, koma ndiilembe kuti tisasemphanenso. Denga la mayi Nampeya lavunda ndipo mvula ili pafupi. A tcheyamani a chipani anena poyera pamsika kuti aliyense wokwera padenga limenelo chaka chino, dzina lake lipita ku boma. Chimwalirire bambo ako, wokwerapo wakhala uli iwe, pakuti amuna ena onse amapeza chonena: uyu msana, uyu maliro ku Muloza, uyu wadzuka ndi chizungulire. Ndiye iwe ukuti udzazemba kusukulu sabata yofolera, udzakwera, ndipo uli pamwambapo udzafuula dzina la amuna awo aja anatengedwa ndi boma, a Nampeya, kuti mudzi wonse umve. Ine ndati ayi, ndipo ndikubwerezanso: ayi. Malo akowo adzakulanda, ndipo akadzakulanda malo okha tidzati Mulungu watichitira chifundo.

Iwe a Nampeya ukuwadziwa ngati dzina lonong'onezana, poti pamene ankawatenga unali kamwana kothamanga ndi kabudula wong'ambika kumbuyo. Ine ndikuwadziwa ngati munthu. Anali amfupi, adazi, mlaliki wathu wopanda ngakhale njinga, wokonda kalongonda moti akamva fungo lake ankapatuka osaitanidwa. Kuyimba sankatha, abale inu! Ankayambitsa nyimbo kumwamba kwenikweni, mpingo wonse n'kutsamwa pakati pa ndime. Kulemba ndikulembaku anandiphunzitsa ndi iwo, ndi kamtengo, pamchenga wa kuseri kwa tchalitchi.

Ndili mtsikana tinkakhala pamalo a esiteti, nthawi ya thangata. Munthu ukakhala pamalo a mzungu unkayenera kumugwirira ntchito, kaya ukudwala kaya munda wako uli ndi tchire. Wolephera ankamutumizira akapitawo kukasasula denga la nyumba yake kuti asamuke. Agogo ako anachoka ku Mozambiki kuthawa nkhanza, n'kudzapezanso zimenezo kuno. Anthu ankangoyang'ana pansi. A Nampeya ndiwo anayamba kunena patchalitchi, ndi kumaofesi komwe, kuti munthu wakuda ndi munthu, ndipo nyumba yake ndi nyumba. Koma sanathere pakamwa. Denga likasasulidwa m'mawa, ankaliza chitsulo cha tchalitchi, amayi kukamweta udzu, abambo kukasenda luzi, ndipo pofika madzulo nyumba ija yafoleredwanso. Akasasulanso, ife kufoleranso. Sanalole munthu kunyamula mwala kapena chibonga. Anawamanga chifukwa cha zimenezo, anakakhala kundende, ndipo atatuluka anayambira pomwe analekera.

Ankakonda kutikumbutsa za anthu aja anaboola denga kuti atsitsire mnzawo wodwala pamaso pa Ambuye. Akafika pamapeto ankatiyang'ana n'kufunsa kuti, “Wodwala wachira, anthu atamanda Mulungu, aliyense wapita kwawo. Nanga denga la mwini nyumba uja anakonza ndani?” Kenako n'kudziyankha okha kuti, “Ndiye ntchito yathu imeneyo. Ife ndife mpingo wotsalira kukonza denga.” Ukakamva alaliki a Chingerezi chambiri kumeneko, uzikakumbukira funso limeneli.

Tsono tamva za kupusa kwa mayi ako. Chaka china, ndili wamsinkhu wakowu, tinkafolera nyumba ya nkhalamba ina yakhungu, a Mulipa. Ine ndinkafuna kuti mtolo wanga ukhale woyamba kufika komanso waukulu kuposa wa aliyense, kuti a Nampeya anditchule pa Sabata. Udzu wouma unali kutali, kutsinde kwa phiri. Ndinangotsikira kudambo n'kumweta wauwisi, n'kuukutira ndi wouma pang'ono kunja kwake. Ananditchuladi patchalitchi, ine n'kumayenda ngati nyenyezi. Mvula itabwera, mbali imene panali udzu wanga inaola n'kuyamba kudontha pamphasa penipeni pa a Mulipa. A Nampeya anakwera, anasolola udzu wakudawo, anaununkhiza, n'kubwera nawo kwathu. Sanandikalipire. Anangouika pakhomo n'kunena kuti, “Elube, udzuwu unali wabwino. Unangousowetsa dzuwa.” Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Iwe Lameki ndiwe udzu wabwino, koma ukadali wauwisi. Pita ukaume kaye kusukuluko.

Titalandira ufulu tinkati zosasula madenga zapita ndi eni ake. Kalanga ine! Zinabwera za makhadi a chipani. Kumsika khadi, kuchipatala khadi, pokwera basi khadi. Panali mabanja ena m'mudzi muno, a mpingo wina, amene chikhulupiriro chawo sichinkawalola kugula khadi. Ife tinkasiyana nawo mapemphero, ndipo kunena zoona tinkawaseka. Achinyamata a chipani anabwera n'kutentha nyumba zawo, ana akuona. Mawa lake a Nampeya analiza chitsulo chija. Akulu ampingo anawagwira dzanja n'kunena kuti amenewa si athu. Iwo anayankha kuti mvula sifunsa mpingo. Anatsogolera okha ndi mtolo pamutu ngati mzimayi, ndipo tinawatsatira ochepa, bambo ako ali momwemo. Pa Sabata analalikira kuti chimene chinali choipa chikuchitidwa ndi mzungu sichikhala chabwino poti tsopano chikuchitidwa ndi mwana wa mlongo wako. Sabata yomweyo inabwera galimoto. Anakwera atavala malaya awo oyera aja, ndipo mpaka lero palibe anationetsa ngakhale manda.

Apa ndiye umvetsetse, chifukwa pakamwa pakopo unatengera ine. Atawatenga, mtima wanga unali kuwira. Ndinali pamzere wa sikelo kuesiteti, dengu la tiyi kumsana, ndipo mzimayi wina anati a Nampeya anaziputa okha. Ha! Ndinatula dengu. Ndinafuula dzina lawo, ndinatchula amene anawapereka, ndinanena zonse zimene iwe ukufuna kudzanena padenga paja, mwinanso kuposa. Ndinabwerera kunyumba ndili wopepuka, ndikudziona ngati ngwazi. Ine achipaniwo sanandikhudze. Anagwira bambo ako pamsewu n'kuwamenya, ndipo khutu lawo lakumanzere silinamvenso mpaka tsiku limene tinawaika. Kenako anapita kwa mayi Nampeya, akuti ndiwo akutuma anthu kutukwana, n'kutenga mbuzi zawo zonse ndi chimanga cha m'nkhokwe. Nditapita kukawaona ndinawapeza atakhala pafupi ndi khola lopanda kanthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, “Elube, wafuula, mtima wako watsika. Tsono ine ndidya chiyani?” Iwe ukadzafuula padengapo adzakutenga, ndipo ena adzakutama monong'ona. Koma mawa lake denga lomwelo adzaliyatsa moto, ndipo wogona panja adzakhala mayi wokalamba uja.

Usandimve molakwa. Sindikuti zimene zikuchitikazi n'zabwino, ndipo sindikuti uzivomereze. Tsiku limene udzayambe kuona ngati n'zabwinobwino kuti mayi wapakati abwezedwe pachipata chifukwa alibe khadi, udzadziwe kuti wayamba kufa ukuyenda. Nthawi yoyankhula ilipo, ndipo a Nampeya anayankhula. Koma anayamba afolera madenga ambirimbiri, moti pamene ankatsegula pakamwa panalibe munthu m'mudzi muno amene sanagonepo pansi pa udzu wawo. Mawu awo ankalemera chifukwa cha manja awo. Iwe wafolera angati?

Chichokereni iwo, tinapangana osapangana. Chaka chilichonse udzu ukauma, mvula ya chizimalupsa isanagwe, mpingo umatuluka kukafolera nyumba za amasiye, za nkhalamba ndi za odwala. Palibe amatchula chifukwa chake. Abusa amangoti, “Abale, sabata ino ndi ya udzu,” ndipo aliyense amadziwa amene tikumukumbukira. Iwe dzulo unati kumeneko n'kubisala. Kapena n'kubisaladi. Koma mwala wa pamanda akanaugwetsa kalekale, pamene madengawa akuchulukirachulukira, ndipo ndamva kuti mipingo ina ya cha ku Muloza yayambanso kuchita chimodzimodzi.

Ndikuuzenso china chimene ndinalakwa, chifukwa ndikuona chidani chayamba kumera mwa iwe. Chaka chachiwiri bambo ako atavulazidwa, nyumba ina yofunika kufolera inali ya mayi Nasiyaya, mayi awo a tcheyamani omwewa. Mwana wawo ali kalikiliki ndi misonkhano, mayi ake akugona ndi mbale pamutu kutchinga madontho. Ine ndinati zimenezo ayi, udzu wanga sukafika pamenepo, akafolere ndi makhadi a mwana wawoyo. Anzanga anaseka, ine n'kumva kukoma. Bambo ako, a khutu logonthalo, anangodzuka. Anatenga zenga langa, anakamweta okha mtolo umene ukanakhala wanga, anausenza pamutu anthu akuwaseka, n'kukwera padengapo tsiku lonse. Madzulo ndinawaponyera mawu, ndinati mwaiwala amene anakugonthetsani? Anati, “Sindinaiwale, amake Lameki. Koma a Nampeya anafolerapo nyumba ya kapitawo amene anawamangitsa, ndipo luzi ndinkawapatsira ndine.” Ndinakhala masiku osawayankhula bwino, manyazi ndi mkwiyo zitasakanikirana. Mawu a akulu akoma akagonera. Mayi Nasiyaya sanaiwale tsiku limenelo, ndipo uona chifukwa chake ndakuuza zimenezi.

Tsono za kumene ukupitako. Ukapeze tchalitchi sabata yoyamba yomwe, usakati ndizolowere kaye, chifukwa kuzolowerako ndiye kuiwala. Usakakhale kumpando wakutsogolo ndi taye wako. Ukafunse amene amasesa, amene amayendera odwala, ukakhale nawo amenewo. Ku Blantyre nyumba ndi zamalata, koma denga lodontha silisowa: mwina ndi mnzako amene masamu akumukanika, mwina ndi mlonda wa pachipata amene satha kuwerenga kalata ya mwana wake. Ukamuthandize mosamuchititsa manyazi, ndipo usakayembekeze kuti akutchule pa Sabata. Ukakumbukire mtolo wanga wauwisi uja.

Ukasamale ndi munthu amene akudziwa lero n'kuyamba lero lomwelo kukufunsa maganizo ako pa za dziko, makamaka akakhala wogula tiyi ndi mabanzi osatopa. Ukamwe tiyiyo, ukathokoze, ukambe za mpira. Mowa sindikunena n'komwe, pakuti iwe pakamwa pako m'potseguka kale usanalawe kanthu. Za atsikana, ndinaona mmene unkachedwera kumpopi mwana wa a Makwinja akamatunga. Usaganize kuti mayi ako ndi akhungu. Ngati ukumufuna, amalume ako alipo, njira yake ndi imeneyo. Malaya ako oyera uzikachapa wekha Loweruka, usakayanike pawaya wa dzimbiri. Ndipo uzikadya, iwe! Ukakwiya umasiya kudya, khalidwe la bambo ako.

Ukadzakhala mphunzitsi, ana adzakhala pamaso pako chaka ndi chaka. Udzawaphunzitse kuti mwana wa wothyola tiyi ndi mwana wa bwana wa muofesi ndi anthu chimodzimodzi, ndipo adzazione pa mmene ukuwagawira choko ndi chikwapu chomwe. A Nampeya anali ndi mchenga ndi kamtengo basi, koma taona, ndikulemba. Iwe udzakhala ndi bolodi. Zimenezi sizingatheke ukakhala kundende, kapena ukabwerera kudzasenza dengu limodzi ndi ine. Ndathyola tiyi mu chiperoni zala zitauma kuti iwe usadzathyole. Usanditayire zimenezo, mwana wanga, ndakupempha.

Ndikudziwa funso limene lakutsalira, ndipo ndi labwino: nanga denga la mayi Nampeya? Ukuganiza kuti ndingakuletse iwe n'kuwasiya anyowe?

Ukukumbukira khitchini yathuyi? Utabwera kuchokera kwa amalume ako mwezi watha unaima pabwalo n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Unati anafolera ndi chidakwa cha kuti, denga lopendama ngati chipewa cha munthu wochokera kumowa. Ine ndinati ndi waganyu wina wodutsa. Waganyuyo ndine, Lameki. Ndinabwereka makwerero a kutchalitchi, ndinamanga chitenje ngati thewera pamwamba pa buluku la malemu bambo ako, n'kukwera. Tsiku loyamba ndinayambira pamwamba kutsika m'munsi, mchemwali wako Esitere n'kumandiuza ali pansi kuti, “Amayi, achimwene amayambira kumunsi!” Ndinasasula n'kuyambiranso. Luzi linandicheka manja. Ndinagwa kamodzi, ndipo kutsimphina kuja ndinkati ndi nyamakazi kunali komweko. Koma chiperoni cha sabata yatha chinagwa usiku ndi usana, ndipo phulusa la pamoto wanga linali louma. Kaone ngati ukufuna, usanakwere basi.

Ndikudziwa kuti mkazi sakwera padenga, kwathu kuno n'zochititsa manyazi. Adzandinena mpaka ku Chitakale. Anene. A Nampeya anasenza mtolo pamutu ngati mkazi, ine ndikwera ngati mwamuna, tikakumana kumwambako tikasekana.

Mutu umodzi susenza denga, ndiye sindili ndekha. Amake Joni ndi amake Feliya avomera kumandiponyera mitolo. Udzu tinamweta kale kutsinde kwa phiri, wouma bwino, uli kuseri kwa nkhokwe. Tsono Lachinayi ndikuchokera ku mapemphero a amayi, mayi Nasiyaya anandiimitsa panjira ndi ndodo yawo. Anati, “Ndamva kuti ukufuna kukwera kwa anzanga aja.” Ine mumtima ndinati basi zathera pompa. Iwo n'kuti, “Makwerero adzagwira ndani?” Ndinati sindinapeze. Anati, “Ndidzagwira ine. Mwana wangayo akafuna kulemba maina, ayambire la amene anamuyamwitsa.” N'kupitiriza ulendo wawo osacheuka.

Sindikuti zimenezo zanditeteza. A tcheyamani angathe kulumpha dzina la mayi awo n'kulemba langa, ndipo ali ndi akuluakulu awo amene nawonso amawaopa. Unanena zoona dzulo, mantha ndili nawo. Ndapemphera kuti Mulungu awachotse, koma sanawachotse, wangondipatsa miyendo yokwerera nawo. Ine zanga ndaziona: ndakulera, wapeza sukulu, Esitere wakula. Chikachitika china, Esitere apita kwa amalume ako, takambirana kale. Iwe usadzachoke kusukulu. Ukadzamva chilichonse, usadzachoke. Ukadzachoka ndiye kuti ndakwera pachabe.

Ndipo ndikakhala pamwambapo sindidzafuula. Ndidzayambitsa nyimbo ija ankaikonda, kumwamba kwenikweni monga ankayambitsira eni ake, kuti amayi onse adzatsamwe pakati pa ndime. Amene ali ndi makutu adzadziwa.

Dzuwa lapendeka ndipo ndikumva mawu ako kumsewu, ukuseka ndi anzako. Ndilekere pano ndisanakupatse mpata wondiona ndikupukuta m'maso. Mawa pa basi sindidzanena zambiri, usadzadabwe.

Mvula yoyamba ikadzagunda pamalata a sukulu yanuyo, udzaime kaye. Udzatchule dzina la a Nampeya mumtima, udzawapempherere mayi aja, ndi ine udzandiikemo. Udzadziwe kuti kuno agona pouma. Mulungu wa agogo ako, amene anawaolotsa Muloza ali ndi mphasa yokha pamutu, akusunge popita ndi pobwera.

Ukadzabwera pa Khirisimasi udzadutsire kwa mayi Nampeya, udzawapatse moni, udzayang'ane kumwamba. Ukadzaona kuti lapendama, udzatseke pakamwa pakopo. Wofolera wake ndi wamantha uja.

Ndine mayi ako,
Elube